Ankati Ndamusempha Mwamuna Wanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ena mwa inu mukundidziwa bwino. Ndine uja ndinkagona pakhonde la golosale pa boda, chitenje kwina, ine kwina. Ndine uja munkauza ana anu kuti akandiona azikhotera njira ina. Sindikwiya nazo ayi. Inenso ndikanakhala inu ndikanatero.

Ndine mai a Esinati. Lero ndaima pano kuti mumve kumene Yesu anakanditola.

Mowa sunali chiyambi changa. Ndisanayambe kumwa ndinali mayi wodzimva kwabasi. Ndinkagulitsa tiyi ndi mandasi pa boda, ndipo nyengo ya manachesi ndinkaunjika milu mpaka pamsewu. Madalaivala a mathiraki opita ku Tete ndi ku Beira onse ankandidziwa. Pakamwa panga panali pakuthwa. Munthu akandiputa ndinkamusambitsa chokweza, msika wonse n'kuima kumamvera. Kutchalitchi ndinkapita pa Khirisimasi ndi pamaliro basi. Ndinkati Mulungu ndi wa anthu osowa chochita, ine manja angawa akundidyetsa.

Mwamuna wanga anali a Dayisoni. Ankapalasa njinga, kunyamula katundu wa anthu kupita ku Zobue, kutsidya kwa boda, ndi kubwerera. Anali munthu wofatsa, wosadziwa kukangana. Vuto lawo linali kachasu akaweruka. Mulungu anatipatsa mwana mmodzi yekha, mtsikana, Esinati.

Nthawi ina a Dayisoni anayamba kuwonda ndi kutsokomola. Tinapita kuchipatala tonse awiri kukayezetsa magazi. Anatipeza tonse ndi kachirombo ka HIV. Mwana tinamuyezetsa mwakachetechete, iye analibe.

Pobwerera, a Dayisoni anaimitsa njinga panjira. Anati, "Mai a Esinati, izi zikhale za ife awiri. Achemwali anga asadzamve. Mwanayu asadzamve. Ngakhale nditafa. Lumbirani." Ndinalumbira. Masiku amenewo munthu ukadziwika kuti uli nako, anthu ankakuloza ndi milomo, kapu yako n'kuiika payokha.

Tinayamba kumwa ma ARV. Thupi linabwerera. A Dayisoni anakweranso njinga yawo. Koma kachasu sanasiye, ngakhale anesi ankawauza.

Patapita zaka zingapo, maso awo anasanduka achikasu. Tinati ndi chikasu wamba, chitha ndi nzimbe, monga amanenera anthu. Anatafuna nzimbe mpaka nsagwada kuwawa. Kenako mapazi anatupa. Kenako mimba. Manja anali ngati bango, koma mimba ngati mayi wotopa ndi pakati. Ndikati tiyeni kuchipatala, iwo amvekere mawa. Mawa, mawa, mpaka mawawo anatithera.

Ndiye anabwera alamu anga, a Nachisale, achemwali awo aakulu a Dayisoni, kuchokera kumudzi kwa Kanduku. Anangoona mimbayo n'kugwira pakamwa.

"Ili ndi tsempho," anatero. "Mkazi wokhalira kuseka ndi madalaivala tsiku lonse, mumati zitha bwanji?"

Achinyamata mwina simudziwa tsempho. Akuluakulu amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, mwamunayo amatupa thupi. Amati wamusempha. Ndiwo mlandu umene alamu anandiponyera pakhomo panga pomwe, aneba akumva.

Ndinawatukwana. Ee, ndinawatukwana zedi, sindibisa. Koma kutukwana kwanga sikunaletse kanthu. Anapeza galimoto n'kunyamula mchimwene wawo kupita naye kumudzi. Ine ndi Esinati tinatsatira pambuyo.

Kumudziko alamu anapeza mabotolo a ma ARV m'chikwama cha a Dayisoni. Anandifunsa kuti ndi mankhwala a chiyani. Ndinayang'ana mwamuna wanga. Iye anatembenukira kukhoma. Ndinakumbukira lumbiro lija, ndipo ndinati ndi opha ululu. Alamu anati asing'anga akana kusakaniza mankhwala awo ndi achizungu. Anakawataya m'chimbudzi ine ndikuona. Anga ndinali nditawamanga pamfundo ya chitenje.

Asing'angawo ananena chinthu chimodzi. Anati mankhwala a tsempho sagwira ntchito mpaka mkazi ataulula ndi pakamwa pake, kenako n'kumumwetsa wodwalayo ndi dzanja lake.

Ndinakana. Ndiulule chiyani? Chikwatiwireni ine sindinavulepo chitenje kwa mwamuna wina. Kuseka ndinkaseka nawo madalaivala, inde, nanga tiyi ungagulitse utakwinya nkhope? Ndinapempha kuti tipite naye kuchipatala. Anati ndikufuna kuthawa mlandu.

Masiku ankapita, a Dayisoni ankaipiraipira. Anayamba kusokonezeka mutu. Nthawi zina ankandiitana dzina la mayi awo amene anamwalira kalekale.

Tsiku lina masana ndinali nditakhala kuseri kwa khola la mbuzi. Esinati anabwera. Nthawi imeneyo anali mu Sitandade 8, kamtsikana kowonda, kokonda bambo ake. Anagwada patsogolo panga misozi ili chuchuchu.

"Amayi, ingovomerani. Ababa akufa. Ngati munachita, nenani, achire."

Abale anga, ndinatukwanidwapo ndi anthu ambiri pamoyo wanga, koma palibe mawu amene anandipweteka ngati amenewa.

Ndinaganiza chonchi: ndikavomera, ammwetsa mankhwala awowo, aona kuti sizikuthandiza, andilola kupita naye kuchipatala. Ndipo pansi pa mtima panali kamaganizo kena koti, nanga atachiradi? Dzina langa n'chiyani poyerekeza ndi moyo wa mwamuna wanga?

Ndinavomera. Anayala mphasa, panakhala amayi akuluakulu a pamudzipo, alamu, ndi mwana wanga ataima pakhomo. Anandifunsa kuti mwamunayo anali ndani. Ndinati dalaivala wina wa ku Beira. Munthu woti kulibe, ndinangomupeka pomwepo. Amayi aja anawomba m'manja mwachisoni. Esinati anathawira kuseri.

Anandipatsa chikho cha mankhwala. Ndinadzutsa mutu wa mwamuna wanga n'kumumwetsa. Nthawi imeneyo nzeru zinali zitamubwerera pang'ono. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ankadziwa kuti ndanama.

Kuchipatala sitinafikeko. Sipanapite masiku, anayamba kusanza magazi, ndipo anatisiya.

Pamaliro sanandilole kukhala pafupi ndi bokosi. Ndinakhala panja ngati mlendo wongodutsa. Alamu polira ankatchula dzina langa. Titachoka kumanda anati mwana atsala, sangakule ndi mkazi wachiwerewere. Ndinati tifunse mwini wake. Esinati sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti, "Sindipita nanu."

Ndinabwerera ku boda ndekha. Nkhani inali itafika kale. Amayi anzanga anasiya kundipatsa moni. Amuna ena anayamba kubwera pabenchi langa la tiyi ndi nkhani zina, poti paja ndinavomera ndekha. Ndikanakana bwanji? Mboni yondineneza inali pakamwa panga pomwe.

Ndinayamba ndi vinyu wa ku Zobue kuti ndipeze tulo. Kenako kachasu, yemwe uja ndinkakalipira mwamuna wanga. Kenako timasacheti. Ketulo ndinagulitsa, benchi ndinagulitsa. Ma ARV ndinkamwa lero, mawa osamwa, mpaka ndinasiyiratu. Ndinkati ndikhalirenji ndi moyo? Mwamuna kumanda, mwana akundida.

Mulungu ndinamukwiyira koopsa. Ndikaledzera ndinkaloza kumwamba n'kumati, "Inu munaona zonse. Munadziwa kuti ndilibe mlandu. Bwanji munangokhala chete?"

Choipitsitsa n'chakuti bodza lija linayamba kundilowa. Anthu akakuuza chinthu chimodzi zaka ndi zaka, umayamba kudzikayikira. Ndinkadzifunsa, nanga anatupiranji? Mwina pali chimene ndinalakwitsa osadziwa. Mwina ndinamuphadi ndine. Maganizo amenewa ndi amene ankanditengera kumowa m'mamawa anthu akupita kuntchito.

M'zaka zonsezo panali munthu mmodzi amene sanatope nane, mai Zuze, ogulitsa tomato pamsika, a mumpingo uno. Akandipeza nditagona poyera ankandifunditsa chitenje chawo. Ine ndikadzuka n'kuwatukwana. Iwo amvekere, "Tukwanani, mayi. Mukatopa mumwe phalali lisanazizire." Ankandikwiyitsa bwanji! Munthu wosabwezera amatopetsa.

Tsiku lina ndinadzuka thupi lili lefu, mseru, kumanja kwa mimba kukuwawa. Mkodzo unali ngati tiyi wopanda mkaka. Mai Zuze atandiona anafuula, "Mayo! Maso anuwo!" Anandipatsa kagalasi. Maso anga anali achikasu, chimodzimodzi a Dayisoni.

Ndinati zili bwino, ndisiyeni ndimutsatire. Iwo sanandimvere. Anatseka tomato wawo, anaitana wakabaza, n'kundigwirira kumbuyo mpaka kuchipatala.

Anandigoneka m'wodi, dilipi pamkono. Atanditenga magazi, kunabwera adokotala achizimayi n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Anandiuza kuti kuwonjezera pa HIV ndili ndi kachirombo kena, ka matenda a chiwindi, kamene amati hepataitisi B. Anati kamayenda m'magazi, kamapatsirana m'banja pakati pa mwamuna ndi mkazi, ndiponso mayi atha kupatsira mwana pobereka. Munthu atha kukhala nako zaka zambiri osamva kalikonse.

Anati malo ake enieni ndi m'chiwindi, koma kamapezekanso katabisala m'asilikali a m'magazi, omwe aja amene HIV imalimbana nawo. Ndiye munthu akakhala ndi tizirombo tonse tiwiri, chiwindi chimawonongeka msanga, makamaka akamamwa mowa. Anandiuzanso chinthu chimene chinandiimitsa mtima. Anati ma ARV ena amene timamwawa amakafooketsanso kachirombo ka chiwindiko. Munthu akawasiya, kamadzuka ndi ukali.

Ndinafunsa kuti, kodi matenda amenewa amatupitsa mimba ndi mapazi? Anati inde, chiwindi chikatopa. Amasokoneza mutu? Inde. Amasanzitsa magazi? Inde.

Ndinawafotokozera za a Dayisoni, zonse, mpaka za mabotolo otayidwa m'chimbudzi ndi za mphasa ija. Anamvetsera osandidula. Anati sangalumbire za munthu amene sanamuyeze, koma zizindikiro zonse ndi za chiwindi. Kenako anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mayi, mchere sutupitsa munthu chonchi. Inu simunaphe mwamuna wanu."

Ndinalira. Ndinalira ngati maliro achitika tsiku lomwelo, mpaka odwala anzanga anadzuka kumandiyang'ana. Paja pamaliro enieniwo sanandipatse mpata wolira.

Masana ake mai Zuze anabwera ndi phala. Ndinawauza kuti ndikufuna kupemphera koma sindidziwa poyambira, poti Mulunguyo ndakhala ndikumutukwana. Anati, "Yambirani pomwepo." Ndinatsika pabedi n'kugwada pasimenti, dilipi ili lendelende. Sindinanene mawu okoma ayi. Ndinati, "Yesu, ndatopa. Ndatopa ndi kudzimva, ndatopa ndi mowa, ndatopa ndi kusenza maliro a mwamuna wanga. Ngati mukundifunabe, ndine pano."

Sindinaone kuwala kapena kumva mawu ochokera kumwamba, ndisakunamizeni. Koma chinthu chimene chinkandikanikiza pachifuwa zaka zonsezo chinachoka. Ndinadziwa kuti Iye sanakhale chete. Anali m'chitenje cha mai Zuze, ine ndi amene sindinkaona.

Achipatala anandiyambitsanso ma ARV. Mowa ndinausiya. Sizinali zophweka, manja ankanjenjemera, ndipo kudutsa pamalo ogulitsa kachasu kunali nkhondo. Koma Ambuye anandigwira.

Tsiku lotuluka, adokotala aja anandifunsa ngati ndili ndi ana. Anati ayenera kuyezedwa, makamaka ngati ndi wamkazi woti abereka. Ndinali nditamva kwa anthu kuti Esinati anakwatiwa ku Thambani, ndipo ali woyembekezera.

Ndinachita mantha kuposa mmene ndinkaopera imfa. Mwana amene sanandiyankhule chiikireni bambo ake, ndikamuyamba bwanji? Ndiponso kuti amvetse, ndinayenera kuphwanya lumbiro limene ndinapanga kwa malemu. Ndinapemphera, ndipo ndinaona kuti chinsinsi chimenecho chadya kale munthu mmodzi. Sindikanalola kuti chidyenso mwana wanga ndi mdzukulu wanga.

Ndinakwera galimoto ya matola kupita ku Thambani, ndikadali wofooka. Ndinafunsa anthu mpaka ndinapeza nyumbayo. Esinati anali pakhonde akusenda mtedza. Anali atakula, nkhope ya bambo ake yeniyeni. Atandiona anaimirira n'kugwira mimba yake.

"Mwadzatani? Imani pomwepo, musandiyandikire. Simukuona mmene ndililimu?"

Ankaopa kuti ndimusempha ndi mwana wake yemwe.

Ndinagwada pabwalo, ine mayi wake, pafumbi. Ndinati, "Sindiyandikira. Ungondiyang'ana m'maso. Maso otere unawaonapo kuti?" Chikasu chinali chisanathe bwinobwino. Anayang'ana, ndipo ndinaona kuti wakumbukira.

Ndinati, "Ine ndilibe mwamuna, ndiwo ndimadzithirira ndekha mchere. Wandisempha ndani?"

Kenako ndinamuuza zonse. Za HIV, za lumbiro, za mabotolo aja, za chiwindi. Ndinamupempha kuti ngakhale asandikhululukire, akayezetse chifukwa cha mwana ali m'mimbayo. Anatola lichero lake n'kulowa m'nyumba, chitseko n'kutseka. Ndinadikira mpaka dzuwa linapendeka. Sanatuluke. Ndinabwerera ndikulira njira yonse.

Mai Zuze anandipatsa kamalo pambali pawo kuti ndizigulitsa anyezi. Tsiku lililonse tinkapempherera Esinati tisanayale malonda.

Patapita milungu, ndikuyala anyezi, ndinaona mapazi aima patsogolo panga. Nditadzutsa mutu, anali iyeyo, ndi mwamuna wake kumbuyo. Ankachokera kuchipatala. Anati HIV alibe, koma kachirombo ka chiwindi amupeza nako. Anamuuza kuti mwina anabadwa nako. Anamuyambitsa mankhwala oti ateteze mwanayo.

Mtima wanga unasweka kachiwiri. Ndinati ndiye kuti ndinamupatsira ndine, mwana wanga yemwe, ndisakudziwa. Koma iye sanadzere zimenezo. Anakhala pansi pambali panga, pa thumba la anyezi, n'kundifunsa motsitsa mawu.

"Amayi, ngati simunachite, munavomereranji?"

Ndinafuna kumubisira. Koma ndinali nditatopa ndi kubisa. Ndinati, "Unandipempha ndiwe, mwana wanga."

Esinati anagwa pamiyendo panga pamsika pomwepo. Analira mokuwa, anthu mpaka anasiya malonda. Ankangoti, "Amayi, amayi, amayi." Dzina limenelo ndinali nditaiwala kamvekedwe kake. Ndinamuuza kuti analibe mlandu, anali mwana wofuna bambo ake achire. Tinalira tonse, mai Zuze nawonso akulira uku akuthamangitsa anthu oonerera.

Mdzukulu wanga anabadwa, mwamuna. Analandira katemera, ndipo atamuyeza pambuyo pake anapezeka alibe kachiromboko. Ambuye alemekezeke.

Sindikuuzani kuti zonse zinakoma. A Dayisoni sadzabweranso. Akanafika kuchipatala mwina lero akanakhala pano akunyamula mdzukulu wawo. Chiwindi changa chili ndi zipsera, ndimatopa msanga, ndipo mankhwala ndidzamwa mpaka tsiku lomaliza. Esinati nayenso amayendera kuchipatala. Zaka zimene ndikanamulera zinapita, sizibwerera. Alamu anga mpaka lero amakhulupirira kuti ndinapha mchimwene wawo, ndipo kumudzi kuja dzina langa likadali lakuda. Ndinawakhululukira, ngakhale masiku ena ndimayenera kuwakhululukiranso m'mawa ndikadzuka. Nawonso ankafuna kupulumutsa m'bale wawo ndi nzeru zimene ankadziwa.

Koma ndikuyamika Yesu. Anandichotsa pakhonde la golosale. Anandichotsera botolo m'manja. Anandibwezera mwana wanga. Ine wotukwana uja, lero pakamwa pomwepa pakutamanda dzina lake. Aleluya!

Ndiye ndikupempheni, abale anga. Wina akatupa mimba, maso akasanduka achikasu, musayambe kufunafuna amene wamulakwira. Thamangirani naye kuchipatala. Inu amene muli pa ma ARV, musasiye, ngakhale wina akuuzeni zotani. Kayezetseni chiwindi, ndipo muyezetsenso ana anu. Musabisire a m'nyumba mwanu matenda mpaka kufa nawo.

Ndipo ngati muno muli wina amene wasenza mlandu, kaya unaupalamula kaya anangokusenzetsa, usadikire kuti ufike pamene ndinafika ine. Sufunika mawu okoma, sufunika zovala zoyera. Dzuka pamene wakhalapo ubwere kutsogolo kuno. Ngati miyendo ikukana, kweza dzanja, ine ndibwera kudzakutenga, tidzagwade limodzi.